Jekete la Mkamwini wa Telala

"Sewero langa la pa TV lija lafewetsa ndi miyala yomwe," mlembi anauza mlongo wake uku akumanga tayi. "Anyuzipepala akuti ndagwetsa mpanda wa pakati pa tchalitchi ndi mzikiti. Ndiye telala mmodzi angandikanize mwana wake?"

Mlembiyu, mwana wa abusa, anakhala pachibwenzi chobisa ndi mwana wa telalayo, mtsikana wachisilamu, zaka zitatu. Masiku amenewo mtsikanayo sankayankha foni, koma iye ankati ndi manyazi chabe.

Anawapeza bambo a mtsikanayo m'shopu. Atangomuona, bambowo analavula mapini n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Mwana iwe, udzatipha! Chitsiru cha bambo cha m'sewero lako chija, kupereka mwana kwa Mkhristu n'kumavinanso paukwati! Tikatuluka mumzikiti timaseka mpaka misozi. Unamutola kuti munthu wotere?"

Mlembi asananene chomwe anadzera, telala anapitiriza:

"Wabwera bwino, msinkhu wako ndi wofanana ndi wa mkamwini wanga." Anamuveka jekete la dzanja limodzi, choko chili mbuu m'mapewa. "Mwana wanga akukwatiwa Loweruka. Takweza mkonowo."

Anakweza.