Wosesa wa M'khoti Lakale

Mayi Verlene Tubbs anawalakwira Bambo Ozell Gaddis Loweruka lomaliza la Seputembala, chaka cha 2008, anthu akuona. Mpaka lero m'tauni muno amati wolakwa anali mkuluyo.

Linali tsiku lolembetsa ovota ku nyumba yosungiramo mbiri yakale, ija inali khoti kale. Panja ankakazinga milamba. M'kati ana asukulu ankalosera kuchuluka kwa nyemba za m'botolo, monga ankafunsidwira anthu akuda a muno mu Mississippi asanawakanize voti. Woyandikira ankamupatsa switi.

Bambo Gaddis ankakolopa m'khonde, chipewa chili kumutu. Anali atasesa nyumbayi zaka khumi ndi chimodzi. Palibe anawaonapo atavula chipewacho, ngakhale dzuwa la Julaye liswe mtengo.

Pakhoma lalikulu pali chithunzi cha 1964. Mnyamata wagwada pa masitepe a khotilo, magazi akuyenderera kuchokera pamwamba pa khutu lakumanzere, m'manja atafumbata pepala. Pansi pake analembapo kuti "Mnyamata wosadziwika dzina." Galasi lake Bambo Gaddis ankalipukuta m'mawa uliwonse, nkhope atayang'ana kumbali.

Mayi Tubbs ndiwo amayang'anira nyumbayo. Ali ndi madigiri awiri, ndipo saiwala kutikumbutsa. Anali atalonjeza komiti ya nyumbayo kuti wantchito aliyense akhala atalembetsa atolankhani asanachoke. Onse anali atamata kale kapepala ka "Ndalembetsa" pachifuwa. Kunatsala munthu mmodzi.

"Bambo Gaddis, tasiyani kaye mopuyo. Mphindi ziwiri zokha."

"Pakauma pathimbirira, mayi."

"Pathimbirire. Bwerani kuno."

Anabwera akukoka phazi. Tebulo lolemberapo analiyala pakhomo la chipinda cha kalaliki, ati kuti zioneke ngati kale. Mkuluyo analiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mwaliika polakwika. Linali pazenera apo."

Dikoni Purvis Mabry, yemwe ankagawa zolembera, anaseka chikhakhali. "Tamvani katswiri wa mbiri! Achimwene, sukulu yake munaiphunzira kuti, m'chidebe cha mopu?"

Anthu anaseka. Mayi Tubbs anakankha fomu.

"Dzina, kumene mukukhala, chaka chobadwa. Kenako musaine apa, kulumbira kuti palibe chokuletsani kuvota. Ngati zilembo zikuvuta musachite manyazi, ndikuwerengerani."

Mawu omalizawo anawakweza kuti atolankhani amve kukoma mtima kwawo.

"Chaka chobadwa chiti?" anafunsa Bambo Gaddis. "Cha m'Baibulo la amayi anga, kapena cha m'kaundula wa boma?"

Kunabuka phwete lina. Aliyense anaona kuti nkhalambayo ikungozemba. Ena ananong'ona kuti sidziwa kulemba. Ena amvekere ndi mantha a anthu akale, aja ankalowa pansi pa bedi akamva galimoto la apolisi.

"Lembani chilichonse," anatero Mayi Tubbs.

"Sindilemba."

"Mwati bwanji?"

"Mwamva. Sindisaina."

Mayiwo anawagwira mkono n'kuwakokera pachithunzi chija. Makamera anawatsatira.

"Muoneni mwana uyu. Anakhetsa magazi pakhomo pano kuti inu mukhale ndi voti. Mwina anafera m'dzenje, dzina lake sitilidziwa n'komwe. Inu tsiku limenelo munali kuti?"

"Ndinali m'tauni mommuno."

"Atabisala m'munda wa thonje!" anakuwa Dikoni Mabry.

"Bolani muvule chipewa, mumupatse ulemu," anatero mayiwo.

"Chipewa ndi changa, mutu ndi wanga. Ndinakulonjezani kusesa, sindinakulonjezeni mutu."

Mayi Tubbs anayang'ana a komiti, a komiti anayang'ana pansi. Atolankhani ankalemba.

"Munthu wonyoza voti sangagwire ntchito m'nyumba ino. Musaine, apo ayi siyani makiyi."

Bambo Gaddis anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mawondo otupa, ndipo m'tauni muno palibe wina akanawalemba ntchito. Izi ankazidziwa aliyense amene anaimirira pamenepo ndi mbale ya mlamba m'manja. Palibe anawaikira kumbuyo.

Mkuluyo anabwerera m'khonde. Anamaliza kukolopa chigawo chinatsala chija, pang'onopang'ono, anthu akudikira. Anafinya mopu, n'kuitsamiritsa pakhoma. Atatero anamasula makiyi palamba n'kuwaponya pamwamba pa fomu ija.

"Dzanja ili silidzalumbiranso m'nyumba ino, mayi. Kaitaneni bwanamkubwa amene, yankho likhala lomweli."

Anatuluka osacheuka. M'kati Dikoni Mabry anayambitsa nyimbo ya ufulu, onse n'kupolokezana mokweza, atayang'ana chithunzi. Lolemba lake nyuzipepala inalemba za wosesa wina wosayamika, amene anakana mphatso yomwe anzake anaifera.

Palibe anasuzumira pazenera. Pa sitepe yachitatu Bambo Gaddis anaima, anavula chipewa kuti apukute thukuta, ndipo dzuwa linawala pa chipsera chachitali pamwamba pa khutu lakumanzere.

Mnyamata wa pachithunzi uja sanafe. Anamumanga tsiku lomwelo pa mlandu wolumbira bodza, chifukwa chaka chobadwa chimene anakopera m'Baibulo la amayi ake chinasiyana ndi cha m'kaundula wa boma, ndipo khoti linamupeza wolakwa. Wogamulidwa mlandu umenewo savotanso, akasaina fomu ndi mlandu winanso. Chigamulocho sichinafufutidwe, ndipo pansi pa chithunzi palembedwabe kuti wosadziwika dzina.