Tsiku Limene Makanja Anagwa

Ng'oma zitangoyamba kulira, mphunzitsi Aroni anatembenuza ana ake a sukulu kuti ayang'ane kunkhalango, nayenso nafulatira bwalo. Mkhristu saonera gule. Nyimbo yolandirira alendo anali ataimba kale, zotsalazo zinali za akunja.

Chaka ndi chaka, dzuwa la Okutobala likafika pootcha, azungu a kuboma la Dowa ndi a m'minda ya fodya ankakwera phiri la Ntchisi pa machila kudzapitidwako mphepo. Ankasaka agwape, ankamwa tiyi pakhonde la nyumba ya alendo, ndipo tsiku lotsiriza midzi yonse ya m'munsi inkaitanidwa kudzawasangalatsa. Chaka chimenecho anafuna gule wamkulu. Bwalo anasankha okha, pamtsetse podzaza miyala, poti ndi pamene pankaoneka bwino munthu ali chikhalire pampando. Miyendo yovinayo sinali yawo.

Aroni sankaona kanthu, koma zonse ankazimva. Anamva nthungululu za amayi polandira Makanja, chilombo chachitali chija choyenda pa mitengo. Anamva ng'oma zikukolera. Kenaka mtengo unalira kuti thyo! Chinthu cholemera chinagwa pamwala, ng'oma zonse zii. Pakhonde paja anaomba m'manja mokondwa, poyesa kuti ndiko kavinidwe kake.

Posakhalitsa munthu anamugwira mwendo. Poyang'ana pansi anaona Rute, mkazi wa mwana wake Benjamini, atagwada m'fumbi ndi pathupi pake potopa kale. Aroni anachita kakasi. Chikwatiwireni pakhomo pake, Rute anali asanamuyang'anepo kumaso. Akakumana panjira ankapatukira kutchire, monga achitira mpongozi woleredwa bwino.

"Bambo," anatero Rute, "pakhonde paja pali dokotala. Inu Chizungu mumachidziwa. Kawauzeni kuti si masewera. Wavulaladi."

"Wavulala ndani?"

Rute anacheuka. Amuna a zikoti anali atazinga kale pamene panagwera chilombo, ndipo awiri a iwo ankamuyang'anitsitsa. Mkazi satchula dzina la munthu pa gule. Wotchulayo amaziona, iye pamodzi ndi mudzi wake.

"Makanja, bambo," anatero misozi ili chuchuchu.

Mtima wa Aroni unaphulika ndi ukali. Benjamini anali atatsanzika sabata yapitayo kuti watengedwa pa umtengatenga, kukasenza katundu wa boma mpaka kunyanja, ulendo umene amuna ena sankabwerako. Mwana wake akuthyoka msana kumeneko, mkazi wa mwanayo kuno akulirira mwamuna wa kudambwe, anthu onse akuona! Tsono zonse zinamumvekera. Masiku amenewa Rute ankalawirira ndi chakudya m'dengu, akuti akukasosa kumunda, koma mundawo unali chikhalire ndi mapesi ake. Nanga pathupipo? Aroni anachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi.

"Ndisiye mwendo," anatero motsitsa mawu. "Wandichititsa manyazi okwana."

"Bambo, chonde, nthawi ikutha."

Dokotala uja anali ataimiriradi, kapu ili m'manja, akusuzumira kubwalo. Anafuulira Aroni, poti ndiye yekha ankamasulira, kufunsa ngati zonse zili bwino. Aroni sanacheukire kubwalo ngakhale pang'ono. Anayankha m'Chizungu chake chosalala chija, chimene ankachinyadira kuposa jekete lake, kuti bwana asavutike, anthuwa ndi mmene amasewerera. Dokotala anamwetulira nakhala pansi.

Amuna aja ananyamula chilombo chawo nalowa nacho m'nkhalango. Ng'oma zinayambanso, ngakhale zinkalira mozizira. Rute anatsala chigwadire pomwepo mpaka amayi ena anadzamudzutsa. Aroni anandandalitsa ana ake natsika nawo phiri.

Madzulo anakhala pakhonde la nyumba yake, akusinkhasinkha mawu oti adzamuuze Benjamini akadzabwera. Aroni ankamukonda Rute ngati mwana wobala yekha, ndipo kumubweza kwawo kunkamuwawa. Koma chomwe chinkamupweteka koposa chinali mwana wakeyo, mnyamata wofatsa, wosadziwa kukangana ndi munthu, amene pa nthawiyo ayenera kuti anali kuwerenga masiku oti adzaone khanda lake. Aroni analira, misozi yeniyeni.

Ali choncho pabwalo panafika Elia, mnzake wa paubwana amene anasiyana naye njira kalekale, wina kutchalitchi wina kudambwe. Elia sanaodire. Anakhala pansi patali, nayika ndodo yake pambali.

"Aphunzitsi, ndabwera ndi mawu."

"Ngati ndi za mpongozi wanga, ndaziona ndi maso anga. Benjamini ndidzamuuza ndekha akabwerako kunyanja."

Elia anapukusa mutu.

"Kunyanja sanapiteko, aphunzitsi. Aboma anati ovinira alendo sasenza katundu chaka chino, ndiye anabwera kwa ife kuti mkazi wake asachire iye ali kutali. Watisiya dzuwa likupendeka. Anati tikupempheni kuti musamukalipire Rute."