Chitamba cha Mulungu wa Eni

"A Longwe, mwasema fano. Ku Mgonero musayandikireko," anagamula mkulu wa mpingo.

Weston Longwe sanatsutse. Mwezi wathunthu anakhala akusema mulungu wa Amwenye, wa mutu wa njovu, atamutuma mwini loji ina ku Mwaya. Mmwenye wina wa ku Mzuzu anamulangiza kuti azisema atavula nsapato, ndipo iye anamveradi.

Lolemba Weston anapita ku loji ija kukaona pamene anamuika mulungu uja. Pakhomo anavula nsapato. Chosema chija anachipeza pafupi ndi bafa, matawulo onyowa ali lende pachitamba.

"Bwana, ameneyutu anthu ena amamupembedza," anadandaula Weston.

"Kuno ayi," anaseka mwini loji. "Koma chitambachi munachikhotetsa bwino, a Longwe. Matawulo sakugwa."