Mandu a M'katoni

Panali munthu wina ku Iksan, ku South Korea, mnyamata dzina lake Byeon Sang-hyeok. Nkhaniyi akuti ndi yoona. Amene anaifotokoza ndi mayi wina wogulitsa nsomba pamsika pomwe zinachitikira.

Sang-hyeok atamaliza yunivesite anakhala pakhomo osapeza ntchito. Mayeso olowera ntchito za boma ankangolemba n'kulephera, mpaka anzake anasiya kumufunsa. Kenako boma linakonza mashopu amene anali atatsekedwa pamwamba pa msika wakale, n'kuyamba kuwapereka kwa achinyamata osowa ntchito popanda lendi, pamodzi ndi maphunziro a kaphikidwe. Sang-hyeok anasankhidwa.

Anati azigulitsa mandu, tija tokhala ngati samusa koma tophika pa nthunzi. Pakhomo anakhomapo chikwangwani chakuti: "Mandu a Amayi Anga, Opanga ndi Manja."

Mlangizi wa achinyamatawo anali Mayi Pyo, a ku ofesi ya achinyamata. Iwowa ndi amene anachonderera akuluakulu a msika kuti alandire anawo, chifukwa ambiri sankafuna.

"Ku maphunziro simukuonekako," anatero Mayi Pyo tsiku lina. "Chavuta n'chiyani?"

"Mayi, ine ndili ndi digiri. Kuphika mandu n'kofunikanso sukulu?"

"Digiri ili m'mutu, manja anuwo sanaphunzire. Mubwere."

Sanapite.

Posakhalitsa ntchito inamukulira. Mandu ake ankaphulikira mumphika, ndipo wolawa kamodzi sankabweranso. Tsiku lina kunafika bambo wachilendo atanyamula katoni.

"Bwana, mukudzizunziranji?" anatero bamboyo. "Awa ndi a kufakitale, koma timawapinda mokhotakhota dala kuti azioneka a pamanja. Inu muzingotenthetsa."

"Nanga a boma akafunsa?"

"A boma? Aja amangobwera kudzajambula zithunzi."

Sang-hyeok anavomera. Makatoni ankalowera khomo lakuseri, iye n'kumadzipaka ufa pa epuloni. Malonda anayenda, anthu n'kumaima pamzere mpaka pamasitepe. Amayi ake, amene ankatsuka mbale m'lesitilanti ina kutsidya kwa tawuni, ankauza aliyense kutchalitchi kuti mwana wawo wadzuka.

Boma litafuna kutsegula mashopu ena, Mayi Pyo anakonza mwambo pa shopu ya Sang-hyeok. Anaitana akuluakulu a msika, a kukhonsolo, ndi achinyamata atsopano amene ankayembekezera malo. Anapempha Sang-hyeok kuti adzalankhule monga chitsanzo. Anaitananso amayi ake osamuuza, poganiza kuti akamudzidzimutsa adzasangalala.

Amayiwo anabwera atavala zovala zawo za pa ukwati. Sang-hyeok atawaona anadzidzimuka, koma analankhula bwino ndithu, za khama ndi za kudzuka m'mamawa. Anthu anaomba m'manja. Ndiye wapampando wa msika anaimirira.

"Mawu tamva," anatero. "Tsopano ana awa aone ndi maso. Pangani mandu pang'ono pompano, inu ndi amayi anu."

Amayiwo anakwinya malaya akuseka. "Ufa uli kuti, mwanangu?"

"Watha, amayi."

"Watha tsiku ngati lino? Iwe sudzasintha. Nanga nyama?"

Asanawaletse, anali atatsegula kale filiji yaikulu. Munalibe nyama, munalibe kabichi. Munali mapaketi okhaokha a pulasitiki mpaka pamwamba, lililonse lili ndi dzina la fakitale.

Amayiwo anatenga paketi limodzi n'kuliyang'anitsitsa. Kenako anayang'ana mwana wawo.

"Awa ndiye mandu anga?" anafunsa chapansipansi.

Sang-hyeok anayang'ana kumbali.

Amayiwo anatembenukira anthu aja, n'kuwerama mpaka mutu kufika m'mawondo. "Pepani," anatero. "Ndinamulera ndine. Pepani nonse." Anakhala chiweramire mpaka Mayi Pyo anabwera kudzawadzutsa. Sang-hyeok analakalaka amayi akewo akanamumenya mbama m'malo mwa zimenezo.

Wapampando uja anavala chipewa chake. "Tinakuuzani, Mayi Pyo. Chaka chino mwana wina asalowenso muno."

Shopu anamulanda. Achinyamata atsopano aja anabwerera kwawo opanda malo. Amayi ake anasiya kupita kutchalitchi, ndipo pakhomo sankamukalipira, ankangomuikira chakudya n'kukhala chete. Iye sankatuluka m'chipinda. Akamva anthu akuseka panja ankaganiza kuti akuseka iye.

Nyengo yozizira itatha, analimba mtima n'kupita kwa Mayi Pyo kukapepesa. Anaima pakhomo la ofesi osatha kuwayang'ana kumaso.

"Kwa ine musapepese," anatero Mayi Pyo. "Amene munawatsekera khomo ali m'chipinda icho. Akuphunzirabe, ngakhale sakudziwa ngati adzapeze malo. Ngati mukufunadi kupepesa, lowani."

Analowa. Onse anamuzindikira, ndipo macheza anathera pomwepo.

"Chitsanzo chathu chafika," anatero mtsikana wina, osakweza n'komwe mutu. Palibe anaseka.

"Ndinakulakwirani," anatero Sang-hyeok. "Ndilibe chonena china."

Mtsikanayo anakweza mutu n'kumuyang'ana. Kenako anamukankhira beseni la ufa.

"Kasambeni m'manja kaye. Ndipo muime kumapeto uko, kuli osadziwa kanthu."

Anakasamba, n'kukaima kumapeto kwa tebulo, mutu uli pansi.

Phunziro: Boma kapena munthu akakupatsa mwayi, dziwa kuti kumbuyo kwako kuli anzako amene akudikira khomo lomwelo. Ukachita chinyengo sugwa wekha: umagwetsa anzakowo, ndipo amene amawerama pamaso pa anthu ndi kholo lako. Mvera alangizi, phunzira ntchito ndi manja ako, usakhulupirire mlendo wokulonjeza zophweka. Mukawerenga nkhaniyi musaisunge nokha, itumizeni kwa achinyamata amene mukuwadziwa, makamaka amene angolandira kumene thandizo.