Tchuthi cha Dailesi ndi Nkhungu za Febuluwale

Panali munthu wina, anzanga, ndipo musaganize kuti ndi nthano, alipobe! Panopa ali m'dambo la achimwene ake kuno ku Liwaladzi, matope mpaka m'mawondo, akuwokera mpunga. Galimoto imene anabwera nayo yatitimira kuseri kwa sukulu yathu, ndipo udindo umene ankaulakalaka wapita kwa mnzake. Imvani mmene zinayambira!

Dzina lake ndi Dailesi. Kwawo ndi konkuno koma amagwira ntchito pa ofesi ina ku Lilongwe, ndipo akabwera amatidutsa atagwira mphuno ati tikununkha usipa. Pa ofesi yomweyo pali Rahila, wa mudzi woyandikana nafe. Chaka chatha mu Okutobala, Rahila anatenga tchuthi nabwera ndi anzake a kuntchito. Madzi mbee, mchenga wouma, chambo chootcha. Zithunzi zinadzaza mafoni. Abwana awo, Mayi Maziko, sanapite nawo, koma sankatopa kuyamikira.

"Rahila, kwanu n'kokongola! Munthu wodziwa kukonza zinthu chonchi ndi amene ndikufuna aziyang'anira anzake pano."

Dailesi mtima unamuwawa. Chithunzi chilichonse ankachikulitsa ndi zala kufunafuna poti anyoze. "Nyanja yomweyi ndasambamo ndili wamng'ono, lero yasanduka ya Rahila?"

Atamva kuti udindowo aupereka mu Malichi, anathamanga kukapempha tchuthi cha Febuluwale, nawanyengerera abwanawo kuti apite nawo akaone malo oposa aja.

Rahila anamutsatira pakhonde. "Asisi, Febuluwale? Mvula imakhala ili pakati. Mtsinje wa Bua umakhala ukusanzira matope m'nyanja, ndipo msewu wa kumudzi sudutsika. Dikirani Seputembala, ndidzakuthandizani ndine."

"Ehee! Ndimadziwa! Ukufuna uwale wekha eti? Nsanje idzakupha, mwana iwe."

Achimwene ake, a Raston, nawonso anamuuza pa foni. "Mlongo, kuno tikuwokera. Mlendo wa dzinja timamupatsa mbande, osati mkeka. Komanso mwezi wangooneka kumene, nkhungu zili pafupi."

"Wakutumani Rahila eti, achimwene?" Foni thii.

Loweruka ananyamuka pa galimoto ya abwanawo. Atangosiya tala, matayala anayamba kuvina. Kufika kuseri kwa sukulu yathu, galimoto tibu, osasunthanso.

"Palibe vuto, madamu, patsala pang'ono. Tingoyenda."

Anayenda, nsapato zili m'manja. Pofika kunyanja dzuwa linatuluka, koma madzi anali ofiira ngati thobwa, atanyamula bango ndi zitsa. Mayi Maziko anangoti, "Nyanja ya pa zithunzi ija ndi imeneyi?"

Dailesi sanagonje. Anatulutsa diresi yoyera, navala. Anatulutsa botolo la mafuta, nadzola nkhope, manja ndi miyendo yomwe, nawadzozanso abwana ake. "Tiwale pa chithunzi kuposa aja, madamu."

Apo n'kuti chinthu chakuda chitaima pakati pa nyanja, chikubwera kumtunda.

"Kukupsa chiyani pamadzi?" anafunsa Mayi Maziko.

Anzanga, Dailesi anabadwira konkuno. Ankadziwa bwinobwino kuti si utsi, ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'nyanja nthawi ya mvula. Koma mtima wake unali pa chithunzi chimodzi chokha chomukhaulitsira Rahila.

"Asodzi akuwamba nsomba, madamu. Sekererani!"

Anasekerera. Nkhungu zija zinafika!

M'kamwa, m'mphuno, m'makutu, m'wigi. Pa mafuta paja zinamatirira ngati ulimbo. Diresi yoyera ija inasanduka bii. Amayi a m'mudzi anatuluka akuthamanga ndi malichero onyowetsa, akukupiza m'mwamba, chifukwa kwa ife zimenezi ndi ndiwo. Mayi wina anaima patsogolo pa abwanawo, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, musasunthe, tikukokoloni kaye. Mwagwira zambiri kuposa lichero langa!"

Kenako mvula inakhuthuka. Kamtsinje ka panjira kanadzaza mpaka kusefukira. Mayi Maziko ali njenjenje, anangoona bambo wachikulire akubwera ndi bwato.

"Ndine Sadick, bambo ake a Rahila. Mwana wanga anandiimbira m'mawa kuti kukubwera mlendo, ndiziyang'anira angavutike. Kwerani, amayi."

Anawawolotsa pamodzi ndi Dailesi. Kunyumba kwawo anawapatsa madzi otentha osamba, chitenje chouma ndi tiyi, kenako anawaperekeza mpaka pa tala kukakwera minibasi. Asanakwere, Mayi Maziko anatembenukira Dailesi.

"Ndiuze chimodzi. Unkadziwa kuti si utsi?"

Dailesi anayang'ana pansi.

"Unkadziwa," anatero abwanawo, nakwera.

Lolemba uthenga wa abwana unafika pa foni ya Dailesi: za Malichi iwala, udindo wapita kwa Rahila, ndipo iwe usaonekere kuno popanda galimoto yanga. Dailesi anakhala pakhonde kuti alire bwino, koma a Raston anabwera ndi mtolo wa mbande, nauika pamiyendo pake.

"Ndinakuuza, mlongo. Mkeka ndi wa Okutobala. Tiye kudambo."

Phunziro: Nyanja ili ndi nyengo yake, ukafuna kucheza bwera mvula itatha ndipo funsa eni malo. Koma choposa apo, munthu wansanje amaona nsanje ngakhale mwa amene akumufunira zabwino. Tumizani kwa anzanu onse, makamaka a m'tauni amene akupanga mapulani a dzinja lino! Ndipo inu a Liwaladzi, a ku Bua, ngakhale a ku Benga, mawa nthawi ya buleki bwerani kuseri kwa sukulu. Ng'ombe zinayi zikudzakoka galimoto ija, ndipo wokankha kumbuyo ndi Dailesi. Bwerani mudzaone nokha!