Mkanda wa Bambo Unapsera Kunja

Panali munthu wina, mtsikana, amene anzake ankangomutcha kuti Achangu, chifukwa chilichonse ankafuna chitheke dzulo. Akuti izi zinachitikadi. Iye ndi mayi ake ankapanga mikanda, ndolo ndi zibangili za njere za mitengo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Luso limeneli anawasiyira ndi bambo ake, omwe anamwalira iye ali wamng'ono. Maso a mayiwo anali atachita mdima, koma zala zawo zinkaona bwino kuposa maso a enafe.

M'nyumbamo munali mkanda umodzi wosagulitsa. Bambo aja anaupanga okha pofunsira mayiwo. Unali wa njere zakuda ndi zofiira, ndipo pakati pa njerezo ankamanga mfundo ziwiriziwiri, mamangidwe awoawo. Mayiwo akawasowa amuna awo, ankautenga n'kumausisita.

Tsiku lina mayi wina wa sitolo ya zovala kutsidya kwa nyanja anaona zithunzi za katunduyo pa foni. Anaitanitsa katoni yodzaza, n'kupemphanso mkanda wakale uja kuti akauonetse pawindo la sitolo yake, adzaubweza.

"Umenewo ayi, mwanangu," anatero mayi ake a Achangu.

"Amayi, ukungopita kukaonetsedwa basi. Ubwerera, ndikulonjeza. Mwayi ngati uwu sudzabweranso."

Pomaliza mayiwo anaupereka ndi manja awiri.

Mlamu wake wa Achangu, mkazi wa mchimwene wake, ankagwira ntchito kukampani yotumiza katundu kunja. Atamva nkhaniyi anabwera yekha kunyumba.

"Alamu, zinthu za njere ndi mitengo sizimangolowa m'maiko a eni ake. Ziyambe zathiridwa mankhwala ophera tizilombo, a zaulimi aziyeze, akupatseni chiphaso. Mufunsenso wogulayo malamulo a kwawo."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Milungu ingapo."

"Iii, alamu! Wogula azingondidikira ine? Komanso mankhwalawo aononga kuwala kwa njere zanga."

"Ndiye mkanda wa apongozi okhawo usiyeni."

Achangu anangoseka. Kuseri ankauza anzake kuti mlamu wake ali ndi kaduka. Anthufe, munthu akatichenjeza timathamangira kunena kuti ndi nsanje!

M'mawa mwake ananyamula katoni ija kupita kwa otumiza katundu ena. Pageti anakumana ndi bambo wina wa jekete, wa pakamwa potsekemera, makiyi ali lendelende m'chiuno.

"Mlongo wanga, za ziphasozo n'zongochedwetsa anthu. Tingolemba kuti ndi mikanda ya pulasitiki. Ndani ali ndi nthawi yotsegula katoni iliyonse? Ine ndatumizira anthu ambirimbiri."

Dzina la bamboyo sanafunse n'komwe. Anasaina, katoni n'kupita, ndipo anabwerera kunyumba akuimba.

Koma katoni ija inatsegulidwa. Oona za katundu wolowa m'dzikolo anapeza kaufa pansi pake. Ataswa njere imodzi mwa zatsopano zija, munatuluka nankafumbwe wamoyo. Wogula uja anaimbira foni Achangu.

"Katundu yense amuotcha."

"Yense? Nanga mkanda wakale uja? Ujatu unalibe tizilombo!"

"Ndinawachonderera. Anati popeza munanama kuti ndi pulasitiki, palibe chosankha. Munandinamizanso ine, ndipo dzina la sitolo yanga laipa. Sindidzagulanso kwa inu."

Achangu anakhala pansi pomwepo. Anaimbira bambo wa jekete, foni inali yozima. Anapita pageti paja, alonda anati munthu wotero sakumudziwa. Mlamu wake sananene kuti "ndinakuuzani". Anangomukumbatira, onse n'kumalira, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Achangu anaopa kuwauza mayi ake. Akafunsa, ankangoti, "Uli m'njira, amayi." Mwezi unatha, wina n'kulowa. Kenaka anasankha njere zakuda ndi zofiira, anazipaka mafuta kuti zimveke zakale, n'kupanga mkanda wofanana ndi uja. Ndi maso simukanausiyanitsa.

"Amayi, mkanda wanu uja wabwera."

Nkhope ya mayiwo inawala ngati ya mwana. Anatambasula manja, anaulandira, n'kuyamba kuusisita njere imodziimodzi. Zala zitafika pa mfundo yachitatu, zinaima. Kumwetulira kuja kunazimirira pang'onopang'ono.

"Mwanangu, bambo ako anali amanzere. Mfundo zawo zinkapotokera uku. Izi wamanga ndiwe."

Achangu anagwada n'kuulula zonse, misozi ili chuchuchu. Ankadikira kuti akalipiridwa. Mayiwo sanakalipe. Anaupinda bwinobwino mkanda uja n'kumubwezera m'manja.

"Katunduyo tipanga wina, njere sizinathe m'tchire. Koma mkanda uja ndi umene ndinkawagwira nawo dzanja bambo ako. Lero ndawaika m'manda kachiwiri."

Mayiwo sanakhalitse. Chaka chisanathe anatsikira kulichete, ndipo mpaka tsiku lomaliza zala zawo zinkafufuzabe pakhosi popanda kanthu. Achangu pano amatumiza katundu motsata malamulo, ziphaso zonse zili m'manja, ndipo malonda ake akuyenda. Koma mkanda wa njere zakuda ndi zofiira sapanganso, ngakhale wogula achonderere chotani.

Phunziro: Musanatumize katundu kunja, funsani malamulo a dziko lomwe akupitako, ndipo lembani zoona zokhazokha. Mverani m'bale wokuuzani kuti mudikire, osati mlendo wa pageti wokulonjezani njira yachidule. Katundu akapsa mungapange wina, koma pali zinthu zina zimene zikapita sizibwereranso. Tumizirani uthengawu aliyense wa malonda amene mumamufunira zabwino, asadzalire ngati Achangu.