Chitini cha a Elia

Mzere wa matumba unali utafika kale pamtengo wa mango, koma a Elia analibe nazo ntchito. Anamasula thumba la mayi wina, napisamo dzanja mpaka m'chigongono, n'kumavundula chimanga pang'onopang'ono ngati tsiku lonse ndi lawo.

Ebelesi, kapitawo wa chigayo cha pa Pembamoyo, anaima pakhomo akuwayang'ana, mutu ukumuwawa. Miyezi isanu ndi itatu yoyendetsa chigayochi inamukalambitsa kuposa zaka zonse zimene anagulitsa m'golosale ku boma. Dizilo akachedwa, wolakwa ndi iye. Lamba akaduka, iye yemweyo. Amayi akatopa pamzere n'kukweza matumba panjinga kulowera ku chigayo cha ku Zingalume, mlandu ndi wakenso. Anali atatopa mpaka m'mafupa.

Dzulo lake mwini chigayo, a Agostino, anali ataimba foni ali ku Chipata.

"Anthu awiri pamakina amodzi achuluka. Chotsanipo mmodzi. Ndipo mzerewo ukapitiriza kutalika, wotsatira kuchoka ndinu."

Kusankha kwake sikunali kovuta. Petulo, wolandira ufa kumunsi, anali bambo wa mphamvu zake, wonyamula thumba ngati pilo. A Elia, othira chimanga kumwamba, anali okalamba. Anabwera kuno ali mnyamata pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo zaka makumi awiri za phokoso la injini zinawasiya ogontha khutu limodzi. Kulankhula ankachita kuumira.

Kuchedwa kokha Ebelesi akanapirira. Chimene chinkamuwawa mumtima chinali dzanja lija. Linkalowa m'thumba lili lotambasula, koma nthawi zambiri linkatuluka lili lofumbata. Kenaka mkuluyo ankazembera kuseri kwa chitseko, kumene kunali chitini chakale cha penti, n'kuvundukula, kuponyamo, n'kutsekanso. Loweruka chitinicho chinkapita kunyumba panjinga. Lolemba chinkabwera chopepuka.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Dzanja limodzi pathumba, matumba makumi anayi patsiku, ndiye kuti nkhuku za a Elia zinkadya bwino kuposa ana a eni chimanga. Amayi akadzatulukira, mbiri ya chigayo idzathera pomwepo.

Ndipotu mbiriyo Ebelesi ankainyadira. Ku Zingalume sefa inkabooka mwezi ndi mwezi, chigayo n'kuima masiku anayi kudikira ina kuchokera ku Chipata. Chake sichinaimepo chifikireni iye. Chinsinsi ankachidziwa bwino: linali lamulo lake lozimitsa injini masana kuti ipume.

Itangozima injini masanawo, Ebelesi anaitanira a Elia kuseri. Munthu wa msinkhu wa bambo ako sumutchula wakuba pamaso, ndiye anangozungulira.

"Atate, abwana akuti ntchito yachepa. Kapumeni kunyumba."

A Elia anatembenuza khutu labwino, iye nabwereza mokweza. Mkuluyo anayang'ana mzere uja, kenaka anayang'ana Ebelesi.

"Yachepa, mayi?"

"Eya, yachepa."

"Chabwino. Koma mumuuzeko Petulo kuti asanathire aziyamba..."

"Petulo ntchito akuidziwa, atate."

A Elia anavula chipewa choyera ndi ufa, nachikuntha pabondo kawiri, n'kukankha njinga yawo kulowera kanjira ka kumudzi. Sanacheuke. Ebelesi anamva chisoni, koma chisoni sichifupikitsa mzere.

Injini italiranso, zinthu zinasintha. Petulo ankangomasula thumba, kukhuthula, kuthamangira kumunsi, kubwereranso kumwamba. Matumba asanu ndi limodzi anatha nthawi imene a Elia akanakhala akusisita lachitatu. Amayi pamzere anayamba kuseka. Mmodzi amene anali atamanga kale thumba lake panjinga analitsitsanso. Kwa nthawi yoyamba mlungu umenewo, Ebelesi naye anaseka.

Apa m'pamene anachiona chitini chija kuseri kwa chitseko. Mkuluyo anachisiya, mwina ndi manyazi. Ebelesi anaganiza zokhuthulira chimangacho m'thumba la mayi wina wosauka, nkhani n'kutha mwakachetechete. Pochinyamula chinamulemera modabwitsa. Anakhala pabenchi, nachiika pamiyendo, n'kutsegula chivindikiro ndi kiyi.

Munalibe ngakhale njere imodzi ya chimanga. Munali misomali, timiyala, mabawuti a ngolo ndi zidutswa za waya, zonse zotoledwa m'matumba zisanafike pasefa.

Kumbuyo kwake Petulo anakhuthula thumba lachisanu ndi chiwiri, ndipo m'kati mwa chigayo munalira chitsulo: khwaa!